Matenda Omwe Amachoka N'kubwereranso: Banja Lichite Chiyani?

Pali matenda omwe tonse tidawazolowera kuti ndi okhalitsa. Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga, BP, mphumu kapena khunyu, banja limadziwa kuti mankhwala alowa m'nyumba ndipo satulukamo msanga. Koma pali matenda ena a m'gulu lomweli amene ambiri sitiwawerengera, chifukwa amabwera ndi phokoso, n'kuchoka osatsanzika, n'kumusiya munthu ali bwinobwino kwa miyezi kapena zaka. Achipatala amawatcha bipolar disorder, ndipo kale ankawatcha manic depression. M'Chichewa alibe dzina lawolawo. Kumudzi timangoti "mutu wawayambanso." Ena amati ndi majini, ena amati adamulodza chifukwa cha malonda a nsomba, pomwe ena amati ndi khalidwe loipa chabe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni adali ndi matendawa. Sasankha mtundu, chipembedzo kapena chuma, ndipo amagwira amuna ndi akazi omwe. Kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 15 ndi 25, msinkhu womwe mnyamata amayamba kudziimira payekha ndipo mtsikana amalowa m'banja. N'chifukwa chake matendawa sagwera munthu mmodzi. Amapeza pali kale mkazi, mwamuna, khanda, apongozi ndi mpamba wa bizinesi.

Nyengo ziwiri mwa munthu mmodzi

Nyengo yoyamba ndi yomwe achipatala amaitcha mania. Tiyerekeze bambo wa kugombe amene ali ndi boti la injini ndi chilimira chake, munthu wofatsa, wosaphonya Jumu'a. Chizindikiro choyamba si kukuwa kapena kuvula ayi. Ndi tulo. Amagona maola awiri kapena atatu basi, n'kudzuka ali ndi mphamvu ngati wagona usiku wonse. Apa tisiyanitse bwino: munthu wosowa tulo chifukwa cha nkhawa amadzuka ali wolefuka ndipo amadandaula, koma uyu sadandaula, amati tulo ndi ta alesi.

Kenaka mawu amachuluka. Amalankhula mothamanga, kuchoka pa nkhani ya mafuta a injini kulumphira pa ndale, kuchoka pa ndale kupita pa za ku Makka, wina osapeza mpata woyankha. Mapulani amabadwa khumi pa tsiku: agula maboti ena atatu, amanga mzikiti wa nsanjika, atsegula sitolo ku Lilongwe. Ndalama ya usipa ya mwezi wonse imatha masiku awiri, ina kugawira anthu pamsika, ina kugulira katundu wopanda ntchito. Ikatha amapita kwa akatapila, chinthu chomwe ali bwino sangachiyerekeze podziwa kuti riba ndi haramu. Womuletsa amasanduka mdani. Mkazi akangoti, "Abambo, usiku uno ndi wachitatu musanagone," yankho limakhala mwano womwe sadaumvepo chikwatirane. Matenda akafika pachimake, ena amakhulupirira zinthu zomwe palibe: kuti ndi walii, kuti atumidwa kudzakonza dziko, kapena amamva mawu omwe anzawo sakuwamva. Achipatala amati ndi mania zoterezi zikatha sabata yathunthu, kapena zikafika poti munthu agonekedwe m'chipatala. Palinso ina yocheperapo mphamvu yotchedwa hypomania, ya masiku anayi kapena kuposerapo, yomwe anthu amaiona ngati kuchangamuka chabe.

Kwa ife Asilamu pali msampha wina pamenepa. Masiku oyambirira banja likhoza kusangalala, chifukwa munthuyo akufika kumzikiti muadhini asanadzuke, akuswali usiku wonse, akupereka sadaka kwa aliyense. Ndani angadandaule ndi zimenezo? Koma ibada yeniyeni imamukhazika munthu pansi ndi kumufewetsa mtima. Mukaona kuti ibada yachuluka mwadzidzidzi pamodzi ndi kusagona, ukali ndi kumwaza ndalama, pomwe ana agona ndi njala, dziwani kuti si imani yomwe yakula.

Nyengo yachiwiri ndi depression, ndipo iyi ndi yomwe imakhalitsa kwa odwala ambiri ngakhale kuti ilibe phokoso. Munthu yemwe uja adali wosagwirika tsopano satuluka m'chipinda. Boti lili pamtunda, ukonde akudya makoswe. Nsima imabwerera momwe idapitira, kapena amangotapa mbamu ziwiri. Kusamba ndi ntchito yaikulu, kuyankha salamu ndi ntchito yaikulu. Amadziona wopanda pake, amakumbukira ngongole ndi mawu omwe adalankhula pamsika, manyazi n'kumugwira, mpaka kufika poganiza kuti Allah sangamukhululukire. Izi zimatha sabata ziwiri kapena kuposerapo, nthawi zambiri miyezi. Apa ndi pomwe abale amalakwitsa pomutcha waulesi kapena wofooka imani, pomwe apa m'pamene moyo wake uli pachiswe kwambiri. Anthu odwala bipolar amadzipha kwambiri poyerekeza ndi anthu wamba. Akanena kuti "bola kufa," musamutseke pakamwa ndi mawu oti ndi haramu basi. Amadziwa kale, ndipo kudziwako n'komwe kumamuonjezera mantha oulula. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumupatsa maganizowo. Chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, musamulole kupalasa bwato yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pakati pa nyengo ziwirizi pamakhala bata. Munthu amabwerera mwakale, amagwira ntchito, amaseka ndi ana ake. Bata limeneli ndi lomwe limanamiza mabanja. Onse amapumira m'mwamba n'kuti, "Alhamdulillah, zidatha," mankhwala n'kutayidwa kudenga. Chonsecho matendawa amabwerera kwa anthu ochuluka zedi mwa omwe adadwalapo mania kamodzi.

Amachokera kuti?

Gwero lake lili mu ubongo, m'mene umayendetsera tulo, mphamvu ndi chisangalalo. Amayenda m'magazi a banja, kotero mukafufuza mupeza kuti agogo ena kapena amalume ena adali ndi "nyengo zawo." Komabe ana ambiri a kholo lodwala sadwala, ndiye tisawaike chizindikiro. Zomwe zimadzutsa matendawa mwa munthu amene ali nawo kale n'zodziwika: kusagona, chamba, mowa, maliro, mikangano yosatha ya m'nyumba, kubereka, ndiponso kuposa zonse kusiya mankhwala.

Dokotala wa ku Paris, Jean-Pierre Falret, adalongosola mu 1854 za matenda ozungulira kuchoka pa kukwera kupita pa kutsika, ndipo Emil Kraepelin wa ku Germany adawasiyanitsa ndi mitundu ina ya misala mu 1899. Koma tisaganize kuti kupita ndi matenda a maganizo kuchipatala ndi nzeru yachilendo m'Chisilamu. Chipatala chomwe Ahmad ibn Tulun adamanga ku Egypt cha m'ma 872 chinkasamalanso odwala maganizo. Katswiri wina, Abu Zayd al-Balkhi, amene adamwalira mu 934, adasiyanitsa chisoni chobwera chifukwa cha zomwe zamugwera munthu ndi chisoni chobwera popanda chifukwa chooneka, chomwe adati gwero lake ndi thupi ndipo chimafuna mankhwala. Dua ndi ruqya yovomerezeka zili ndi malo ake ndipo palibe akuletsa. Chomwe tikukana ndi kumusunga wodwala miyezi itatu akuzungulira kwa asing'anga ndi kwa ochotsa majini, mbuzi zikutha m'khola, pomwe chipatala cha boma chili pamtunda wa makilomita 20. Ndipo kumumanga munthu pamtengo ndi unyolo, kumumenya kapena kumumana chakudya kuti chiwanda chituluke ndi nkhanza, ngakhale wochitayo atavala mkanjo.

Palinso chifukwa china chofulumirira kuchipatala. Si aliyense wobwebweta amene ali ndi bipolar. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, HIV, khunyu ndi chamba zimasokonezanso mutu, ndipo zina mwa izi zimapha m'masiku ochepa ngati sizidadziwike.

Amene amasenza

Wodwala amavutika, izo n'zoona. Koma tiyeni tinene za mayi wa m'nyumbamo, amene kawirikawiri palibe amamufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndi iye amene amakhala maso usiku kumvetsera ngati chitseko chatseguka. Ndi iye amene eni ngongole amamupeza pakhomo. Ndi iye amene amapepesa kwa anansi, amabisa mipeni, amatenga dengu la nsomba kupita kumsika kuti ana adye. Akuchimuna amati ndiye wawalodza achimwene awo kuti alande boti, akwawo amati, "Tabwerako, ufera chiyani kumeneko?" Mwamuna akachira sakumbukira bwino zonse zomwe adanena, koma mkaziyo adazimva ndipo akuzikumbukira liwu lililonse. Wodwala akakhala mkazi, zinthu zimaipa mwa njira ina: amuna ambiri amangomubweza kwa amalume ake ngati katundu woonongeka, n'kukwatira wina mwezi usanathe.

Ana nawo amaona zonse. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kuti bambo ake akudwala. Amadziwa kuti dzulo adamugulira njinga, lero amukalipira popanda chifukwa, ndipo amaganiza kuti wolakwa ndi iye. Kumadrasa anzake amamutcha mwana wa wamisala. Mtsikana wamkulu amasiya sukulu kuti azilera azing'ono ake. Ana afunika kuuzidwa zoona molingana ndi msinkhu wawo: kuti awa ndi matenda, ali ndi mankhwala, ndipo si iwo adawayambitsa. Mwalimu wa kumadrasa akatsinidwa khutu akhoza kuthetsa mayina achipongwewo tsiku limodzi.

Sharia sidausiye mtolo umenewu opanda chonena. Maulama a fiqh adasiyanitsa kalekale misala yosalekeza ndi misala yobwera n'kupita. Munthu nzeru zikamuchokera sawerengeredwa zomwe wachita pa nthawiyo, ndipo m'madhhab a Imam Shafi, omwe ambiri kuno timatsata, swala zomwe zidamudutsa nzeru zitachoka chifukwa cha matenda sazibweza. Talaka yoperekedwa ndi munthu amene nzeru zamuchokera sigwira ntchito. Pa ichi madhhab onse anayi amagwirizana. Koma si nyengo iliyonse ya bipolar yomwe imachotseratu nzeru, choncho nkhani ya talaka yotere isagamulidwe pa khonde. Ipite kwa shehe wodziwa, amene amve kaye kwa omwe adalipo komanso zomwe achipatala adalemba m'buku la wodwalayo. Pa za chuma, Surat An-Nisaa ndime 5 ndi pomwe maulama amatengapo lamulo losunga katundu wa munthu amene sangathe kumuyendetsa, kwinaku akumusamala kuchokera m'chuma chomwecho. Kusunga si kulanda. Mlamu amene "wasunga" injini n'kukaigulitsa ku Mangochi wadya amana.

Tinenenso poyera kuti sabr sikutanthauza kuti mayi adikire kuvulazidwa. Wodwala akayamba kuopseza, mayi ndi ana achoke akagone kwa abale, amuna a m'banjamo abwere athandize kupita naye kuchipatala. Odwala ambiri sachita zachiwawa, koma pomwe zachitika, chitetezo cha ana chimayamba. Ndipo pomwe banja lafika posapiririka, fiqh ili ndi khomo la kuthetsa ukwati kudzera kwa mashehe. Mayi wogogoda pa khomo limenelo asatchedwe wopanda chisoni.

Mankhwala, Ramadhani ndi usodzi wa usiku

Matendawa sachizika kotheratu, koma amagonja ku mankhwala, ndipo anthu ambiri amene amamwa mosadukiza amasunga ntchito ndi mabanja awo. Mankhwala akale odalirika ndi lithium, omwe dokotala John Cade wa ku Australia adaonetsa mphamvu yake mu 1949. Amachepetsa kubwerera kwa matenda komanso ngozi ya kudzipha, koma amafuna kuyeza magazi pafupipafupi poteteza impso ndi chithokomiro, n'chifukwa chake sapezeka paliponse. M'zipatala zathu odwala ambiri amalandira sodium valproate kapena carbamazepine, ndipo pa nthawi ya mania amaonjezera ena monga haloperidol, chlorpromazine kapena risperidone. Poyambira ndi pachipatala cha boma cha m'boma lanu, ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, komwe kuli anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo. Amene matenda akula amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, chipatala chomwe chidatsegulidwa mu 1953. A St John of God nawo amathandiza odwala otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita ku Zomba si kutayidwa; ambiri amagonekedwa kwa kanthawi n'kubwerera kwawo.

Mukapita ndi munthu ali m'nyengo yotsika, musaiwale kuwauza achipatala za nyengo yokwera yomwe idachitika kale, ngakhale padutsa zaka. Wodwala yekha sainena, chifukwa kwa iye imeneyo idali nthawi yomwe adali bwino. Koma akapatsidwa mankhwala a depression okhaokha monga amitriptyline kapena fluoxetine, mankhwalawo akhoza kumukankhira ku mania.

Odwala amasiya mankhwala pa zifukwa zomveka: amanenepetsa, amagonetsa, ena amanjenjemeretsa manja kapena kuumitsa khosi ndi nsagwada, ena amafooketsa m'nyumba. Zonsezi zinenedwe kwa dokotala mopanda manyazi, chifukwa mlingo ukhoza kusinthidwa kapena mankhwala ena kuperekedwa. Wopita ku Joni atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala okwanira, ndipo akafika afufuze kiliniki asanafufuze ntchito. Kudwala mania m'dziko la eni, wopanda mbale, ndi tsoka lalikulu.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja nkhani ya tulo ndi yovuta, chifukwa usipa umaphedwa usiku ndi nyali. Mnyamata wodwala bipolar amene amachezera panyanja sabata yonse ya mdima akudziitanira matenda. Mwini boti wanzeru amupatse ntchito ya masana: kusoka ukonde, kuyanika nsomba, kugulitsa, kusunga mabuku. Phindu lingachepe pang'ono, koma silingafanane ndi zomwe zimatayika pa mania imodzi.

Mwezi wa Ramadhani nawo umasintha tulo, popeza pali Tarawehe usiku ndi daku m'bandakucha. Wodwala akaonane ndi dokotala m'mwezi wa Shaabani, osadikira mwezi uoneke. Ambiri amatha kusala bwinobwino nthawi yomwera mankhwala ikasunthidwa kupita pomasula swaumu ndi pa daku, bola apeze maola okwanira ogona ngakhale masana. Amene akumwa lithium asamale koposa: thupi likauma chifukwa cha kutentha, kutsekula m'mimba kapena kusanza, mankhwalawa amachuluka m'magazi n'kusanduka poizoni, ndipo mapiritsi a ululu monga bufeni amaonjezera vutoli. Dokotala akaletsa kusala, chilolezo cha wodwala chili m'Surat Al-Baqara: abweza masikuwo akapeza bwino, ndipo amene sadzathanso kusala apereke fidya podyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Tarawehe ndi sunna. Wodwala akaswali pang'ono n'kupita kukagona, asanyogodoledwe.

Amayi ali ndi zawo zapadera. Sodium valproate amapundula mwana ali m'mimba: pafupifupi ana 10 mwa 100 alionse obadwa kwa amayi omwe amamwa mankhwalawa ali oyembekezera amabadwa ndi chilema, ndipo ena ambiri amachedwa kukula nzeru. Choncho mayi wofuna pakati akambirane ndi dokotala mimba isanakhale, osati kusiya mankhwala payekha. Carbamazepine naye amafooketsa mapiritsi olera ndi kachipangizo ka pamkono, komanso amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena monga dolutegravir, ndiye aliyense wopereka mankhwala auzidwe za mankhwala onse omwe munthu akumwa. Masabata oyamba mayi atachira ndiwo oopsa kuposa nthawi ina iliyonse: pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu odwala bipolar matenda amamubwerera akabereka. Apa apongozi kapena achemwali agone naye m'nyumba, azitenga khanda usiku kuti mayiyo agone. Akayamba kusagona, kulankhula zosamveka kapena kumuopa mwanayo, ndi za tsiku lomwelo kuchipatala.

Zokonza nyanja ili bata

Msodzi sasoka ukonde mwera utayamba. Pa nthawi yomwe wodwala ali bwino, akhale pansi ndi mkazi kapena mwamuna wake, ankhoswe ndi mwini mbumba, agwirizane zinthu iye mwini akuvomereza. Zizindikiro zake zoyamba ndi ziti? Kwa ena ndi kusagona masiku awiri, kwa ena ndi kuimba foni usiku kwa anthu omwe adasiyana nawo kalekale. Ndani amene amamumvera, woti akanena kuti "Achimwene, tiyeni tikaonane ndi adokotala" sakana? Ndani asunge makiyi a injini, nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi buku la kubanki zizindikirozo zikaoneka? Ndalama ya kabaza kapena minibasi yopitira kuchipatala ikhale padera, yosakhudzidwa. Zilembedwe papepala, iye asaine, chifukwa tsiku la mania adzakana kuti sadanenepo. Pa nthawi ya mania musalimbane naye pa mfundo, simungamugonjetse. Lankhulani pang'ono, motsitsa mawu, chepetsani alendo ndi wailesi.

Akachira, makiyi ndi ulemu wake zibwezedwe. Pali mabanja ena omwe munthu akangoseka mokweza onse amayang'anana, akangokwiya pa chifukwa chomveka amafunsidwa ngati wamwa mankhwala. Zotere zimapweteka, ndipo zimamuchititsa kubisa zizindikiro zenizeni zikadzabwera.

Pa nkhani ya nikah, ankhoswe asabise. Wodwala bipolar akhoza kukwatira kapena kukwatiwa n'kulera ana ake bwinobwino, koma mnzakeyo adziwe asanavomere, ndipo ngati n'kotheka apite naye kamodzi kukamva kwa dokotala. Mkazi amene adauzidwa amazindikira usiku wachiwiri wosagona. Amene adabisiridwa amadzidzimuka katundu atatha, n'kuona kuti adanamizidwa ndi banja lonse.

Jamaa ya pamzikiti ili ndi gawo lomwe siidaligwirebe bwino. Munthu akadwala malungo timapita ndi phala ndi dua, koma akabwera kuchokera ku Zomba timangosuzumira patali. Kuzonda wodwala sikudapatule matenda awa. Mumulandire pa safu monga kale, osamukumbutsa zomwe adalankhula pa Jumu'a ija. Amayi a dawa apite kwa mkazi wake, wina amutungire madzi, wina atsale ndi wodwala tsiku limodzi kuti iye akapume kwawo. A komiti ya zakaat akumbukire kuti angongole ali m'gulu la oyenera kulandira, ndipo banja lomwe lasiyidwa ndi ngongole za mania likhoza kuganiziridwa, ndalamayo n'kuperekedwa kwa mwini ngongole mwachindunji. Ndipo pa mzikiti uliwonse sipalephera m'bale mmodzi wa njinga yamoto amene angamutenge wodwalayo pa tsiku lomwe achipatala adalemba m'buku lake kuti akatenge mankhwala ena.